Patani yopetera nsalu tisaigule, koma tisaibenso

Kuti munthu apete nsalu amafunika zinthu zinayi: nsalu, ulusi, singano ndi patani. Zitatu zoyambazo zimafuna ndalama, ndipo ulusi wabwino nthawi zina mpaka ukwere minibasi kukaugula ku Lilongwe. Chachinayicho chimapezeka popanda kulipira, komabe n'chimene chimasowa kwambiri kuno kwathu. Taonani nsalu zapamipando ndi zapathebulo m'nyumba za ku Namitete, Nsaru kapena Kabudula. Duwa lake ndi lomwe lija, lokopera kwa mnzake amene anakoperanso kwa mnzake, mpaka masamba anapindikapindika osadziwikanso kuti poyamba linali duwa lanji. Katundu akafanana chonchi pamsika, wogula amangofunsa kuti wotchipa ndi uti.

Ife maganizo athu ndi akuti sukulu ino ikhale ndi buku lake la mapatani, losungidwa mulaibulale, lomwe wophunzira, kholo ngakhale telala wa pakhonde angabwere kudzakopera. Zoti tiikemo zilipo kale zambirimbiri.

Poyambira pabwino ndi mabuku akale omwe umwini wake unatha. M'chaka cha 1886 mayi wina wa ku Austria, Thérèse de Dillmont, anatulutsa buku lotchedwa Encyclopedia of Needlework, lodzaza ndi zithunzi zosonyeza pamene singano ikulowa ndi pamene ikutulukira. Bukuli lili pa Project Gutenberg kwaulere. Pali malo ena otchedwa Antique Pattern Library omwe ntchito yawo ndi kujambula mabuku akale a zosoka, zoluka ndi zopeta kuti aliyense awapeze. Kampani ya ulusi ya DMC ya ku France nayo imapereka mapatani ambiri aulere, ngakhale tikudziwa kuti cholinga chake n'choti mugule ulusi wake. Ofuna kuphunzira kasokedwe kenikeniko aone RSN Stitch Bank, yomwe inakhazikitsidwa mu 2021 ndi sukulu ya Royal School of Needlework ya ku England. Imaonetsa kasokedwe kalikonse pang'onopang'ono, ndipo Chingerezi chikakuvutani zithunzi zokha zimakwanira.

Koma mabuku amene ife tingakonde kuti akhale oyamba m'bukumo ndi ena. Mu 1879 Jules Bourgoin wa ku France anasindikiza buku la mizere yolukanalukana yomwe amisiri Achisilamu ankakongoletsa nayo mizikiti, zitseko ndi makoma ku Cairo ndi madera ena. Mawu ake ndi Achifalansa, koma zojambulazo sizifuna womasulira. Owen Jones naye, m'buku lake la 1856 lotchedwa The Grammar of Ornament, anaikamo zokongoletsa za Aluya, za ku Persia, za ku Turkey ndi za nyumba yachifumu ya Alhambra ku Spain. Mabuku akale ngati amenewa amapezeka pa Internet Archive. Chotisangalatsa n'chakuti nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zimene zili m'menemo zimajambulidwa ndi kampasi ndi rula basi, zomwezo zili m'kabokosi ka masamu ka wophunzira wa Fomu 2. Jambulani bwalo, ikani kampasi pamphepete pake osasintha kukula, dulani bwalolo kasanu ndi kamodzi, lumikizani madonthowo modumpha limodzi, nyenyezi yatuluka. Wophunzira akaidziwa njira imeneyi sadzafunanso intaneti kuti apeze patani ya pakhosi pa mkanjo kapena m'mphepete mwa hijabu.

Apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi makolo ena amene amati zopetapeta zidzadyera ana nthawi ya MSCE. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo sitikunena kuti singano ilowe m'malo mwa buku. Koma amene wagawa bwalo molondola kuti nyenyezi yake isapendeke wachita masamu omwewo amene amabwera pamayeso. Komanso tonse tikudziwa kuti si onse olemba Fomu 4 amene amapeza malo kuyunivesite. Ena adzalowera maphunziro a TEVETA a zosoka, ena adzakhala pakhonde ndi makina a amalume awo. Anyamata musaseke, pakuti matelala ambiri m'misika yathu ndi abambo.

Tsono mawu akuti "ulere" tiwamvetse bwino. Mapatani ambiri atsopano a pa intaneti amalembedwa kuti ndi ogwiritsa ntchito pawekha. Kutanthauza kuti mukhoza kupeta pilo ya m'chipinda mwanu, koma osati mapilo makumi awiri okagulitsa ku Mpingu. Ena amalola kugulitsa chopetedwacho koma amaletsa kugawa patani yeniyeniyo. Ndiye palinso mafayilo amene amazungulira m'magulu a WhatsApp, omwe mwini wake amagulitsa koma wina anangowatenga n'kuyamba kumwaza. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso, la chaka cha 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani zomwezi. Wina anena kuti mayi wa ku Canada amene anajambula patani sangadziwe zimene zikuchitika ku Nambuma. N'zoona, sangadziwe. Koma ife timaphunzitsa ana kumadrasa kuti cha mwini ndi cha mwini ngakhale mwiniyo asakuone, ndiye buku la sukulu ya Chisilamu lisakhale ndi tsamba lakuba ngakhale limodzi. Patsamba lililonse tizilemba kumene patani yachokera, ndiponso ngati chopetedwacho n'chololedwa kugulitsa.

Nkhani ya makina ili pawiri. Pali makina a kompyuta amene amapeta okha mabaji a yunifolomu ndi mayina a pazipewa. Amenewa samva chithunzi wamba. Amafuna fayilo youza singano poti ibaye, ndipo mtundu uliwonse wa makina uli ndi yakeyake: a Brother amawerenga PES, a Janome JEF, pamene makina akuluakulu a m'mafakitale ambiri amawerenga DST. Fayilo yopangidwira nsalu yokhuthala imakwinyitsa nsalu yopyapyala, ndipo mukaikulitsa kapena kuichepetsa kwambiri ulusi umatalikirana kapena kuunjikana. Makina ang'onoang'ono ambiri amapeta malo osapitirira masentimita 10 mbali zonse. Choncho yesani kaye pachigamba. Pulogalamu ya Inkscape pamodzi ndi ina yoonjezerapo yotchedwa Ink/Stitch, zonse zaulere, zimasandutsa chojambula chanu kukhala fayilo yotere. Wophunzira wa kompyuta atazidziwa bwino akhoza kumakonza yekha baji n'kupita ndi fayilo yokha kwa mwini makina mutauni.

Komabe makina oterowo ndi okwera mtengo ndipo amadalira magetsi. Amene ali ponseponse kuno ndi opalasa ndi mwendo, a Singer ndi a Butterfly, ndipo ambiri sadziwa kuti nawonso amapeta. Mumachotsa kaphazi kopanikiza nsalu, n'kuphimba timano tokoka nsalu, kenako mumakunga nsaluyo pafelemu ndi kumaiyendetsa ndi manja uku mukupalasa. Kampani ya Singer inatulutsa buku lophunzitsa zimenezi mu 1911, Singer Instructions for Art Embroidery, ndipo nalo likupezeka kwaulere. Masiku oyamba ulusi umaduka, singano zimathyoka, zala zimaopa. Zikazolowera, patani iliyonse ya pamanja imatheka pamakinawo ngakhale ESCOM itazimitsa sabata yonse.

Kusamutsa patani kupita pansalu sikufunanso sitolo. Nsalu yoyera imakopeka poisanjika pamwamba pa pepala pawindo dzuwa likuwala. Pansalu yakuda, boolani mizere ya patani ndi singano, ikani pepalalo pansalu, pakani choko choperapera, timadontho titsala. Makala operapera amachita chimodzimodzi pansalu yowala. Mapatani a timitanda, ngati a tatreez ya amayi a ku Palestine yomwe UNESCO inaizindikira mu 2021, amakopeka bwino m'kope la masamu la timabokosi.

Pali zina zoti akuluakulu a komiti ya mzikiti atiunikire. Mapatani ambiri aulere ndi a nyama, nkhope za anthu ndi zikondwerero za zipembedzo zina, ndiye Mashehe athu anene zoyenera kulowa m'buku ndi zosayenera. Chachiwiri ndi zilembo za Chiarabu. Mapulogalamu ena a kompyuta amazilekanitsa kapena kuziyambira kumanzere, ndipo pepala likatembenuzidwa pokopera mawu amabwerera chammbuyo. Mawu aliwonse a Chiarabu aonedwe kaye ndi mphunzitsi wa kumadrasa singano isanalowe. Ife tingakondenso kuti ma ayah a Qur'an ndi mayina a Allah asapetedwe pa pilo, pansalu yokhalira, kapena pa chilichonse chokachapidwa pamodzi ndi zovala kudambo.

Tisaiwalenso kuti mapatani ena ali m'nyumba mwathu momwe. Malukidwe a lichero, a nsengwa ndi a mkeka ndi mizere yoti ingapetedwe. Mizuli yakale ya agogo, ina yopetedwa ngati makofia a ku Zanzibar, ili ndi timaluwa ndi timabowo tosokedwa pamanja tomwe pamsika wa lero simungatipeze. Makolo, tibwerekeni zinthu zimenezi tsiku limodzi lokha, ana azijambule papepala, mubwerere nazo.

Pempho lathu kukomiti ndi laling'ono. Sitikupempha kuti ophunzira aloledwe mafoni, ndipo sitikufuna kuti mwana aliyense azithera bandulo ya makolo ake pamasamba amene amati "ulere" kenako n'kufunsa nambala ya foni. Mphunzitsi mmodzi apatsidwe bandulo imodzi, atsitse mabuku tatchulawa kamodzi, asankhe masamba okwana makumi asanu, asindikizidwe ndi kuikidwa m'mapepala apulasitiki. Komiti isankhe Shehe mmodzi ndi mayi mmodzi wodziwa kupeta kuti aone masambawo asanalowe mulaibulale. Tikayamba teremu ino, Insha Allah, mikanjo ndi mahijabu a pa Eid ikubwerayi adzapetedwa kuchokera m'buku limeneli.