Masiku 90 ndi ochepa kwa wopalasa njinga

Munthu wokwera ndege angathe kuona mayiko asanu a ku Ulaya m'sabata ziwiri. Wopalasa njinga m'sabata ziwiri zomwezo amakhala asanatuluke ndi m'dziko la France momwe. Komatu lamulo la mayiko a mu mgwirizano wa Schengen limawapatsa awiriwa nthawi yofanana: masiku 90 pa masiku 180 alionse. Maganizo anga ndi oti lamuloli likupondereza woyenda pang'onopang'ono.

Tiyambe taona mmene limagwirira ntchito, pakuti ambiri amakodwa chifukwa chosalimvetsa. Mayiko 29 a mu mgwirizanowu amawerengedwa ngati dziko limodzi, choncho kuchoka ku Germany kulowa ku Austria sikusintha kanthu. Kuyambira mu 2013, mlendo amayenera kuyang'ana m'mbuyo masiku 180 kuchokera pa tsiku lililonse limene ali m'derali, ndipo masiku amene wakhalamo asapose 90. Tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa athunthu. Amene amaganiza kuti akatuluka kwa masiku awiri ndiye kuti ayambanso kuwerenga kuchokera pa 1 amadzinamiza. Akatha masiku ake 90 mondondozana, ayenera kukhala kunja masiku enanso 90.

Tsono taganizirani njira ya njinga yotchedwa EuroVelo 6, yochokera ku nyanja ya Atlantic ku France mpaka ku Constanța ku Romania, yotalika makilomita oposa 4,000. Wopalasa makilomita 50 pa tsiku, atanyamula tenti ndi mapoto, afunika masiku oposa 80. Apatu sitinawerengere mvula, kutsegula m'mimba, kapena sabata yodikira limu latsopano. Kale zinkapepukirako chifukwa kumapeto kwa njirayi kunali kunja kwa Schengen. Koma Croatia inalowa mu 2023, ndipo zipata zapamtunda za Romania ndi Bulgaria zinatsegulidwa mu Januwale 2025. Pa mayiko khumi a m'njirayi, latsala kunja ndi Serbia lokha. Zimene eni mayikowo anazikondwerera, kwa mlendo wa panjinga zinamuchepetsera popumira.

N'chifukwa chake apanjinga ambiri ulendo wawo saukonza poyang'ana mapu koma kalendala. Amakhotera ku Bosnia, Albania kapena Türkiye kukadikira kuti masiku abwerere, ndipo nthawi zina amapezana ndi chisanu chimene ankachithawa. Kuzembanso kwavuta, poti mu Okutobala 2025 anayamba kulemba olowa ndi otuluka pa kompyuta, pamodzi ndi zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope. Wopyola masiku angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso.

Ena anena kuti lamuloli limaletsa anthu kukhazikika ndi kugwira ntchito mozemba. Ndikuvomereza, dziko lililonse lili ndi ufulu wosunga malire ake. Koma munthu amene amagona mudzi wina usiku uliwonse akukhazikika pati? Ndalama zake amasiya m'timagolosale ta kumidzi kumene mabasi a alendo saima n'komwe. Ziphaso zokhalitsa zilipo, monga za ku France, koma zinapangidwira wokhala m'dziko limodzi, osati wodutsa mayiko khumi.

Ndisabise, dandauloli ndi la anthu amwayi kale. Mwini pasipoti ya Malawi kapena Zambia alibe ngakhale tsiku limodzi lolowa ulere. Amayamba wapempha viza, ndipo nayonso siposa masiku 90 omwewo. Mwina ichi n'chifukwa chinanso chofunira njira yatsopano yotsegukira aliyense woonetsa ndalama zokwanira ndi inshuwalansi.

Akuluakulu a European Commission vutoli analiona. Mu 2014 anapereka ganizo la viza ya oyendayenda, yolola munthu kuzungulira m'derali mpaka chaka chathunthu bola asapose masiku 90 m'dziko limodzi. Ganizolo silinasanduke lamulo. Ine ndikuona kuti ndi loyenera kulibwezeretsa pa tebulo.