CHIMBUDZI CHA ANA SI BWALO LA NDALE

Inu anzathu a Chipani ndi inu ogwira ntchito m'Boma mukudziwa chimene chimachitika mu ofesi pamene kalata yochokera ku likulu lero itsutsa ya dzulo. Ntchito imaima. Tsono tamvani zimene atsogoleri a dziko la Amereka akhala akuchitira aphunzitsi awo pa nkhani ya zimbudzi ndi zipinda zosinthiramo zovala m'sukulu.

Nkhaniyi ndi ya ana amene kumeneko amawatcha transgender, ndiye kuti mwana wobadwa wamkazi amene mumtima mwake amadziona kuti ndi mnyamata, kapena wobadwa wamwamuna amene amadziona kuti ndi mtsikana. Kodi alowe khomo liti? Mu Meyi 2016 boma la Pulezidenti Obama linalembera sukulu kuti mwanayo azilowa kumbali imene iye amadziwerengera, ndipo sukulu yokana ikanatha kulandidwa thandizo la ndalama. Mu Febuluwale 2017 boma la a Trump linafafaniza kalatayo. Mu 2024 boma la a Biden linaika malamulo ena oteteza anawo, koma mu Januwale 2025 woweruza wa ku Kentucky anawathetsa, ndipo a Trump atabwerera pa mpando analamula kuti boma lawo likudziwa amuna ndi akazi basi. Chodabwitsa n'chakuti onsewa akukanganirana lamulo limodzi lomwelo la 1972, lotchedwa Title IX! Nanga mphunzitsi wamkulu amvere yani? Mapanga awiri avumbwitsa.

Amene wavumbwa kwenikweni ndi mwana. Ku Gloucester, m'chigawo cha Virginia, akuluakulu oyang'anira sukulu analetsa Gavin Grimm kulowa m'chimbudzi cha anyamata mu 2014. Anamulozera zimbudzi zapadera, koma iye anakana, poti kupita kumeneko kunali ngati kulozedwa chala tsiku ndi tsiku. M'malo mwake ankangopirira osapita kuchimbudzi mpaka anadwala matenda a chikhodzodzo. Mlandu unalowa m'khoti mu 2015. Mwanayo anamaliza sukulu mu 2017 akuluakulu akadali pa mkangano, ndipo nkhani inatha mu 2021 pamene Bwalo Lalikulu linakana kumva apilo ya oyang'anira sukuluwo. Iwowa analipira maloya a Grimm madola 1.3 miliyoni.

Ife tinene mosapsatira. Mtsikana amene achita manyazi kuvula pamaso pa ena salakwa. Ulemu wa thupi lake ndi wofunika kuusunga. Mwana ngati Grimm nayenso si chigawenga, ndi mwana wa munthu amene wabwera kudzaphunzira. Olakwa ndi andale a mbali zonse ziwiri amene apeza kuti nkhaniyi imabweretsa mavoti, choncho safuna kuti ithe. Akadafuna, bwenzi atayamba ndi mmisiri osati loya: khoma lofika pansi, chitseko chokhala ndi loko, kachipinda ka munthu mmodzi kwa mwana aliyense, kuti pasakhale woonedwa ngakhale wolozedwa. Kodi madola aja akadamanga zitseko zingati?

Ngakhale makhoti sagwirizana. Mu Disembala 2022 khoti la apilo linaweruza mlandu wofanana wa ku Florida mokomera oyang'anira sukulu, kutsutsana ndi chigamulo cha ku Virginia. Dziko limodzi, mbendera imodzi, koma chololedwa kwa mwana wa ku Virginia n'choletsedwa kwa mnzake wa ku Florida.