Wotchi yonama nthawi, mtengo wa minibasi

Amangwetu, ife a pamsika lamulo lathu ndi limodzi: katundu azigwira ntchito. Wayilesi izilira, loko izitseka, wotchi izinena nthawi. Koma lero ndabwera ndi nkhani ya timawotchi tina tonama nthawi, tina sitiyenda n'komwe, chonsecho tikafika pa okushoni ku Geneva kapena London anthu amalimbirana mpaka kabwino kuposa mtengo wa minibasi.

Timawotchi timeneti n'takalekale, tolendewera pa tcheni m'khosi kapena m'chiuno. Kunja kwake kuli zithunzi zojambula pamanja: maluwa, nkhope za anthu, nkhani za m'Baibulo, mapiri ndi nyanja. Zonsezo pa kamalo kochepera pa chikhatho cha mwana.

Utoto wake ndi enamel. Musadabwe nalo dzinali, mumaidziwa kale. Mbale zachitsulo zoyera zija, zomwe zikagwa zimasupuka n'kusiya bala lakuda, n'zamtundu womwewo. Ndi galasi lopera ngati ufa, lomwe amalipaka pachitsulo n'kuliotcha m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 800. Kungoti pa wotchi pansi pake pamakhala golide, ndipo mmisiri amajambula ndi kaburashi konga nsidze. Akapaka mitundu ingapo aotche, apakenso aotchenso, kuyambira ndi mitundu yopirira moto. Moto ukangopyola pang'ono, ntchito ya masabata yapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Lusoli linakula ku France cha m'ma 1630, makamaka m'tauni ya Blois, ndipo amene amatchulidwa kuti analiyambitsa ndi Jean Toutin. Kenaka linafika ku Geneva. Kumeneko banja la Huaud, lochokera ku France komweko, linatchuka mpaka ana awiri, Jean-Pierre ndi Ami, anaitanidwa ku Berlin mu 1686 kukajambulira wolamulira wa ku Brandenburg.

Tsono tamverani apa pagona nkhani. Mawotchi oyambirirawo anali ndi muvi umodzi wokha, wa maola. Asanatulukire kasipuling'i koongolera kayendedwe mu 1675, wotchi inkatha kuphonya mphindi 15 kapena kuposa pa tsiku. Makina akatha, eni ake ena ankachotsa n'kuikamo atsopano, koma chikhokhombe chojambulidwacho osachitaya ayi. Mawotchi ambiri a golide wosajambula anathera m'moto, kusungunulidwa. Ojambulidwawa anapulumuka chifukwa dzanja la mmisiri linali lodula kuposa golideyo.

Inetu chimene chimandigwira mtima n'chakuti enamel safwifwa ngati nsalu ya padzuwa. Chithunzi cha zaka zoposa 300 chimawala ngati chadzulo. Koma poti ndi galasi, kugwa kamodzi basi, mng'alu. Ndipo mng'alu umodzi umagwetsa mtengo koopsa.

Apa ndi pomwe akathyali amalowera. Amamata bala lija ndi utoto wamba wosaotcha, n'kupukuta bwinobwino kuti kasitomala asazindikire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ogula ozindikira sapupuluma: amayang'ana ndi galasi lokuza, amaunika ndi nyali ya ultraviolet yomwe imaulula chigamba, amafufuza dzina la wojambula, amafunsanso kuti kanthuka kadutsa m'manja mwa yani. Wogulitsa woulula yekha chigamba ndiye amasunga makasitomala. Wobisa amadya kamodzi.

Sindikunena kuti mawa mupeza wotchi ya Huaud m'belo la kaunjika. Zambiri zili m'nyumba zosungiramo zakale, monga Patek Philippe Museum yomwe inatsegulidwa ku Geneva mu 2001. Koma chinthu chakale chilichonse chikafika pabenchi panu, musathamangire phulusa ndi mchenga kuti chiwale, musachipake penti, musachigulitse pa sikelo ngati chitsulo chakutha. Yambani mwafunsa. Pali katundu wina amene ukamukonza ndiye wamuononga.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni.