Mayeso a pa kompyuta ayambire pa sukulu, osati m'nyumba za lendi ku Zingwangwa

BLANTYRE: Chitsekereni boma sukulu zonse pa 23 March 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, sukulu za ukachenjede m'dziko muno zakhala zikupereka maphunziro ena kudzera pa intaneti. Funso lomwe latsala ndi lakuti kodi mayeso nawonso azilembedwa pa makina a kompyuta, ndipo ngati ndi choncho, azilembedwera kuti.

Ubwino wake ndi wosabisika. Pepala la mayeso limadutsa m'manja mwa osindikiza, onyamula ndi osunga, ndipo pena paliponse likhoza kubedwa. Mu November 2020 bungwe la Maneb lidathetsa mayeso a MSCE atabedwa, ndipo ophunzira adalembanso mu January 2021. Ngakhale awa adali mayeso a sekondale, phunziro lake likukhudzanso sukulu za ukachenjede. Kompyuta imatha kutsekera mafunso kufikira nthawi yolemba, kuwasakaniza kuti oyandikana asaonerane, komanso kuchonga msanga mafunso osankha yankho.

Koma walira mvula walira matope. Sukulu ya MUBAS ku Chichiri, yomwe kufikira 2021 inkatchedwa Polytechnic, ilibe malo ogona okwanira, kotero ophunzira ena amachita lendi ku Zingwangwa, Chitawira ndi Manja. Ena mwa iwo alibe kompyuta yawoyawo, amadalira lamya ya m'manja ndi mayunitsi ogula ndi ndalama ya ndiwo. Magetsi nawo sapanganika: mu January 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Wophunzira wa ku Zingwangwa akalembera kunyumba, mayeso adzayesa thumba la makolo ake m'malo moyesa nzeru zake.

Vuto lina ndi chinyengo. Chibwerereni ChatGPT mu November 2022, nkovuta kutsimikiza mwini yankho lolembedwa popanda woyang'anira.

Motero njira yoyenera ndi kulembetsa mayesowa m'zipinda za makompyuta pa sukulu pomwepo, pamaso pa oyang'anira, pali magetsi a dzuwa kapena jenereta, ndiponso pa makina olumikizana okhaokha osadalira intaneti. Ophunzira azolowere kutayipa kuyambira chaka choyamba, poti ambiri amachokera ku sekondale zopanda makompyuta.

Bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, likuyenera kuika ndondomeko imodzi yofotokoza chochita makina akazima mayeso ali mkati, njira yodandaulira, komanso kasungidwe ka mayankho mogwirizana ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024. Akuluakulu okonza bajeti nawo akumbukire kuti ndalama zosungidwa posiya kusindikiza zidzafunika pogula ndi kukonzetsa makina. Zipindazi zisanakwanire, pepala ndi cholembera zisatayidwe.