Mfuti Siphonya Yokha

Pa maphunziro a chiyankhulo timaphunzira kuti mwininkhani m'chiganizo ndiye amasenza ntchito ya mneni. N'chifukwa chake chiganizo chakuti "mfuti yaphonya" chimandidetsa nkhawa. Chimachotsa mlandu pa munthu n'kuuika pa chitsulo.

Ndidachimva koyamba kwa malume anga, omwe adali ndi mfuti ya chilolezo kumudzi kwathu, kufupi ndi mathithi a Manchewe kuno ku Livingstonia. Tsiku lina adawombera nguluwe yomwe inkatha chinangwa, koma adangoivulaza mwendo. M'mawa mwake nguluweyo idang'amba ntchafu ya mnyamata wina amene ankapita kumunda. Anthu adati chilombocho n'chokhwima, ena adati mfuti ailodza. Palibe adafunsa za kawombedwe ka malume.

Ine ndikuti wowombera akayamba kulasa lero n'kuphonya mawa, afufuze chifukwa chake mwadongosolo. Njira yake ndi yosavuta. Aike chandamale pamalo otetezeka, patsogolo pa chulu kapena phiri, atsamiritse mfuti pa thumba la mchenga ndi kuwombera kasanu, akulunjika pamodzimodzi. Zipolopolo zikagwa mothithikana koma kumbali, ndiye kuti tizitsulo toyang'anira tasuntha ndipo tikufunika kukonza. Zikamwazikana, aone zinthu ziwiri: mfuti ndi mwiniwake.

Pa mfutiyo ayang'ane ngati zomangira zakhwefuka, ngati mumpope muli dzimbiri, lomwe silichedwa kugwira kuno kumapiri kwa nkhungu, komanso ngati sakusakaniza zipolopolo za mitundu yosiyana. Mpope ukatentha nawonso umasuntha pogwera chipolopolo.

Komabe nthawi zambiri vuto limakhala munthu. Ena amatsinzina ndi kunjenjemera poopa kuti mfuti iwakankha paphewa. Ena amakhethemula mwankhaza m'malo mofinya chala pang'onopang'ono. Enanso amawombera ali wefuwefu, pamene woyenera amayamba watulutsa mpweya n'kuima kaye. Tsaya likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo mutu usadzuke msanga kukaona ngati nyama yagwa. Mantha amayesedwa chonchi: mnzako akupatse mfuti osakuuza ngati muli chipolopolo. Ikadumpha m'manja chikhalirecho ilibe kanthu, wadzigwira wekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina anganene kuti zipolopolo n'zodula, sitingaziwononge pa pepala. Zoona, koma kufinya chala ndi kupuma zimaphunzirika ndi mfuti yopanda chipolopolo. Ndiponso zipolopolo zisanu n'zotsika mtengo poyerekeza ndi ntchafu ya mwana wa eni.

Nkhaniyi ndi yaikulu m'boma lino la Rumphi, lomwe lili ndi nkhalango za Nyika ndi Vwaza. Mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwira ku Nyika kuchokera ku Liwonde, ndipo midzi yozungulira Vwaza idazolowera kale kulimbana ndi njovu m'minda. Ngati nguluwe yovulala idachita zija, nanji njovu kapena njati? Choncho aliyense wololedwa kugwira mfuti, kaya ndi mlonda wa nkhalango kaya mlimi, azionetsa luso lake pa chandamale chaka ndi chaka asadapatsidwenso chilolezo.

Malume adamwalira akunenabe kuti mfuti yawo adailodza. Nditaiona ikuperekedwa kupolisi, kachitsulo kakutsogolo kadali kopindika. Akadangoti "ndaphonya", mwina akadakaona kachitsuloko.