Ulemu wa msilikali usamadikire maliro

Mu 2018, mzinda wa Edinburgh ku Scotland udaimika chiboliboli cha General Stanisław Maczek. Zabwino ndithu, koma eni akewo n'kuti atagona m'manda zaka pafupifupi 24.

A Maczek, mbadwa ya ku Poland, ndiwo adatsogolera gulu la akasinja lomwe lidalanditsa mzinda wa Breda ku Netherlands m'manja mwa asilikali a Hitler pa 29 October 1944. Nkhondo itatha, boma lachikomyunizimu kwawo lidawalanda unzika mu 1946. Nalo dziko la Britain, komwe adakhazikika, lidawamana penshoni ya usilikali. Mkulu wankhondo uja adayamba kugulitsa mowa pahotela ku Edinburgh kuti banja lidye.

Omwe sadawaiwale ndi anthu a ku Netherlands: Breda idawapatsa unzika waulemu, boma n'kumawatumizira kangachepe. Atamwalira mu 1994 ali ndi zaka 102, adaikidwa ku Breda komweko, pakati pa asilikali awo.

Nafenso tili ndi agogo owerengeka otsala omwe adamenya nkhondo yomweyi ku Burma pansi pa KAR. Chipilala chawo ku Zomba chilipo, inde. Nanga eni akewo adya chiyani lero?