Kuimitsidwa pa Ntchito Si Chigamulo

Mvula ikayandikira, masitolo a zipangizo zaulimi ku Petauke ndi ku Nyimba amadzaza ndi matumba a D Compound ndi Urea, mbewu ya chimanga ndi mankhwala opha udzu. M'nyengo imeneyi oyang'anira masitolo amagwa m'mavuto kawirikawiri. Alimi a FISP ali pa mzere, wina watenga katundu pa ngongole kuti adzalipira akakolola, lole yatsitsa usiku. Powerenga katundu, matumba khumi sakuoneka, ndipo maneja amalandira kalata yomuimitsa pa ntchito.

Popeza ena mwa ophunzira athu adzagwira ntchito yotere, tiyenera kunena momveka kuti woimitsidwa sanapezeke wolakwa. Wangochotsedwa pamalo kuti nkhani ifufuzidwe. Lamulo la ntchito la Zambia, Employment Code Act ya 2019, pa ndime 52, limaletsa wolemba ntchito kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanamupatse mpata wodziyankhira, ndipo limafuna chifukwa chomveka. Wochotsedwa mopanda chilungamo angadandaule kwa ofesala wa zantchito, kapena ku gawo la High Court loweruza milandu ya antchito. Mfundo imeneyi ndi yakale kuposa nyumba ya malamulo: Deuteronomo 19:15 salola kutsutsa munthu ndi mboni imodzi, ndipo Nikodemo pa Yohane 7:51 anakumbutsa anzake kuti munthu ayambe wamvedwa.

Kwa inu amene mwalandira kalatayo, uphungu wanga ndi uwu. Musasiye ntchito mwaukali, pakuti anthu adzayesa kuti mwavomera mlandu. Pemphani kuti mlandu ulembedwe, pamodzi ndi tsiku lokumverani ndi zimene pangano lanu likunena za malipiro m'masiku oimitsidwa. Yankhani polemba, musunge kope lake, ndipo musasaine pepala limene simunaliwerenge. Musapitenso kwa ogwira nawo ntchito kukawanyengerera. Kutero kumaononga mlandu wabwino.

Komabe chitetezo chenicheni chimakonzedwa kalata isanabwere. Pa munda timaphunzitsa kulemba thumba lililonse lolowa m'nkhokwe ndi lotulukamo, m'sitolo n'chimodzimodzi. Lisiti, buku la ngongole ndi pepala losainidwa ndi dalaivala zimalankhula pamene mboni zaiwala. Adani a Danieli anafufuza ntchito yake ya boma koma sanapezemo chinyengo. Kukhulupirika kosalembedwa m'buku n'kovuta kukuonetsa pabwalo.

Eni masitolo adzati katundu wasowadi ndipo ndalama ndi zawo. N'zoona, ali ndi ufulu wofufuza, ndipo wakuba ayenera kulangidwa. Koma kusiya munthu pakhomo miyezi yambiri osamuitana, ana ake akusowa chakudya, ndi chilango choperekedwa mlandu usanazengedwe. Ndiponso ngati wolakwa weniweni ndi wina, iye amatsala ndi makiyi.

Nafenso a mumpingo tili ndi gawo. M'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo mbiri imayenda msanga kuposa njinga, ndipo pofika Sabata mudzi wonse wagamula kale. Mbale kapena mlongo woimitsidwa asamuone mpando wa pambali pake utatsala wopanda munthu. Timuchezere, timuthandize ndi ufa, tidikire mathero a kafukufuku. Dzina lothimbirira ndi miseche silichapika ngakhale matumba aja atapezeka.